Chiphaso, ngongole ndi moyo wa mwana: mmene Apunjabi a ku Canada akulimbanirana ndi kudzipha kwa achinyamata

Brampton ndi mzinda wa m'chigawo cha Ontario ku Canada, pafupi ndi Toronto. Kalembera wa mu 2021 adapeza kuti mumzindawu muli anthu 656,480, ndipo mwa anthu anayi alionse, mmodzi ndi wa chipembedzo cha Chisikh. Ambiri mwa iwowa mizu yawo ili ku Punjab, dera la alimi a tirigu ndi mpunga lomwe lidang'ambidwa pakati mu 1947, mbali ina kukhala ya India, ina ya Pakistan. M'dziko lonse la Canada Asikh adalipo pafupifupi 772,000 chaka chimenecho, ndipo mzinda wina umene adadzazamo ndi Surrey, kufupi ndi Vancouver. Si Mpunjabi aliyense amene ali Msikh. Alipo Ahindu, Asilamu ndi Akhristu. Koma ku Canada ambiri ndi Asikh ochokera mbali ya India, choncho nkhani ino ikukhudza kwambiri iwowo.

Wongodutsa atha kunena kuti anthuwa zinthu zidawayendera, ndipo sanganame. Nyumba zabwino ali nazo. Oyendetsa mathiraki oposa theka ku Toronto ndi ku Vancouver ndi ochokera ku India ndi maiko oyandikana nalo, ambiri mwa iwo Apunjabi, ndipo ena adafika pokhala ndi makampani awoawo. M'nyumba ya malamulo ku Ottawa alimo, mpaka Jagmeet Singh adatsogolera chipani cha NDP kuyambira 2017 kufika 2025. Koma m'zaka za mliri wa Covid-19 ndi zotsatira zake, eni nyumba zokonza maliro m'dera la Toronto adayamba kuuza atolankhani kuti akutumiza ku India mitembo ya ana asukulu yochuluka kuposa kale, ndipo zina mwa imfazo zidali zodzipha. Mabungwe a anthu a kumeneko adali atayamba kale kudandaula. Mu 2021, Punjabi Community Health Services ndi Indus Community Services adatulutsa lipoti lotchedwa Invited and Forgotten, lofotokoza za ana amene adaitanidwa kudzaphunzira kenako n'kuiwalidwa.

Kwa mwana wa m'banja losamuka, maganizo ofuna kudzipha kawirikawiri sabwera ali okha. Amakolana ndi chiphaso chokhalira m'dziko chimene chikutha, ngongole ya kumudzi, mowa wa bambo, chinenero cha mayi ndi mbiri ya banja pamaso pa anthu. Mabungwe amene ntchito yawo ikugwira ndi omwe adaona zimenezi n'kutsegula khomo limodzi la mavuto onsewa. Chimene chimandiwawa n'chakuti ndalama za boma zimabwera zogawikana, chilichonse ndi lamulo lake, ndipo ana amene alibiretu pogwira ndi omwe malamulowo amawasiya panja.

Kudzidalira kwa Apunjabi a ku Canada kudayamba ndi kukanidwa. Oyamba adafika m'chigawo cha British Columbia cha m'ma 1904, n'kumagwira ntchito yocheka matabwa ndi yomanga njanji. Mu 1908 boma lidakhazikitsa lamulo lakuti wobwera afike pa ulendo umodzi wosadukiza kuchokera kwawo, likudziwa bwino kuti sitima yotere yochokera ku India kulibe. Mu 1914 sitima ya Komagata Maru idafika ku Vancouver ndi anthu 376, ambiri Asikh. Idakhala padoko miyezi iwiri, anthu ochepa okha ndiwo adaloledwa kutsika, ndipo idabwezedwa. Boma la Canada lidapepesa m'nyumba ya malamulo mu 2016, patapita zaka 102. Khomo lidatseguka bwino kuyambira 1967, pomwe dziko lidayamba kusankha obwera potengera maphunziro ndi luso m'malo mwa khungu. Ena ambiri adabwera pambuyo pa 1984, chaka chimene asilikali a India adalowa m'kachisi wamkulu wa ku Amritsar, ndipo Asikh zikwi zingapo adaphedwa ku Delhi ndi madera ena nduna yaikulu ya dzikolo, Indira Gandhi, itaphedwa.

M'zaka zonsezi pothawira padali pa gurdwara, kachisi wa Asikh. Kumeneko kuli langar, chakudya chaulere cha aliyense wobwera. Munthu amavula nsapato, kuphimba kumutu, n'kukhala pansi pamzere limodzi ndi anzake, wolemera ndi wosauka chimodzimodzi, ndipo ongodzipereka amadutsa ndi ndowa ya ndiwo za mphodza ndi dengu la chapati. Safunsa dzina, safunsa mapepala. Ana asukulu ambiri a ku Brampton agona atadya chifukwa cha langar, ndipo pomwepo ndi pamene amamva za ntchito ndi za chipinda cha lendi. Koma pali nkhani zina zimene munthu sangaziyambe pamalo amene pali azakhali ake, mnzake wa bambo ake ndi banja limene mwina lidzafunsira mlongo wake. Mwamuna amene mowa wamugonjetsa sanganene pamenepo, makamaka popeza chipembedzo chimaletsa mowa kwa amene adabatizidwa. Mayi womenyedwa sanganene. Mtsikana amene wakhala masabata akuganiza zofa sanganenenso.

Mpata umenewu ndi umene Punjabi Community Health Services idabwera kudzatseka. Idayamba mu 1990, ili ndi ofesi ku Malton, mbali ya mzinda wa Mississauga yoyandikana ndi bwalo la ndege la Pearson, ndipo amene adaitsogolera kwa zaka zambiri ndi Baldev Mutta. Ntchito zake zambiri zimatchedwa Sahara: gulu la amuna olimbana ndi mowa, mankhwala ozunguza bongo ndi nkhanza za m'banja, thandizo la matenda a maganizo, chisamaliro cha okalamba, ndi ofesi yothandiza obwera kumene. Ku Surrey kuli PICS, bungwe lomwe Charan Gill adaliyambitsa mu 1987, ndipo ku Brampton komweko anamwino awiri, Jasmeet Chagger ndi Maneet Chahal, adayambitsa SOCH Mental Health mu 2015 kuti nkhani za maganizo zizikambidwa m'Chipunjabi, m'makachisi ndi pa wailesi ya kanema. Chimene chimasiyanitsa mabungwe oterewa ndi chipatala wamba si chinenero chokha. Ndi mmene amawerengera kuti wodwala ndani. Kuchipatala wodwala ndi munthu mmodzi amene ali pampando. Kwa iwowa, pakhomo pakavuta, banja lonse limalowa m'bukumo.

Tiyerekeze kuti mayi wabwera kudzafunsa mmene angalembere fomu ya ndalama zothandizira ana. Imeneyi ndi nkhani yoyera, yosachititsa manyazi, ndipo apongozi ake sangamuletse kupitako. Akulemba fomu ija, wogwira ntchito amafunsa m'Chipunjabi kuti kunyumba kuli bwanji. Ulendo woyamba yankho limakhala lakuti kuli bwino. Ulendo wachitatu zimatuluka: bambo amachoka masiku angapo ndi thiraki kupita ku America, akabwera amamwa; agogo ali ndi matenda a shuga ndipo safuna kumva za kusintha zakudya; mwana wamkazi wa zaka 15 adasiya kudya ndi anzake, amangodzitsekera kuchipinda. Mayiyu akadauzidwa kuti apite ku ofesi ina ya mowa, ina ya shuga, ina ya ana, m'mizinda itatu pa basi m'nyengo ya chisanu, sakadapita konse. Pamene zonse zili pansi pa denga limodzi, amangomuyendetsa pakhonde kupita khomo lotsatira, kwa munthu amene wamuona kale.

Thandizo la kukhazikika limene boma la Canada limalipira kudzera ku unduna woona za olowa m'dziko, IRCC, ndi lalikulu ndithu. Limaphunzitsa Chingerezi kwaulere m'makalasi a LINC, limathandiza munthu kupeza khadi la chipatala ndi nambala yogwirira ntchito, limamulongosolera mmene satifiketi yake ya ku India ingavomerezedwere, ndipo limaika antchito ake m'masukulu kuti akhale pakati pa aphunzitsi ndi makolo osadziwa Chingerezi. Koma lamulo lake ndi lakuti thandizoli ndi la okhala m'dziko mokhazikika ndi othawa kwawo ovomerezedwa. Wobwera pa chiphaso cha sukulu kapena cha ntchito yakanthawi sali m'gululo. Mfundo imeneyi ndiyo ikugawa achinyamata a Chipunjabi m'magulu awiri osiyana kwambiri, ngakhale onse amakumana m'basi imodzi.

Gulu loyamba ndi la obadwira ku Canada kapena obwera ali aang'ono. Awa mapepala sawavuta. Chimawavuta ndi kukhala anthu awiri tsiku limodzi. Kusukulu amaphunzitsidwa kuti munthu azisankha yekha ntchito, chibwenzi ndi chikhulupiriro. Kunyumba amakumana ndi izzat, ulemu wa banja umene mwana mmodzi atha kuuwononga kwa onse, ndiponso funso limene mwana aliyense wa Chipunjabi adalimvapo: anthu adzati chiyani? Makolo amene adasiya minda ndi maudindo n'kudzanyamula makatoni m'nyumba zosungira katundu amayembekeza kuti mwana adzakhala dokotala, loya kapena injiniya, ndipo kulephera mayeso kumamveka ngati kutaya thukuta lonse la bambo. Mtsikana amalondoledwa kwambiri kuposa mchimwene wake. Mnyamata wovala nduwira amanyozedwa panjira, ndipo akaganiza zometa tsitsi amadziwa kuti mayi ake adzalira. Mwana amene amakopeka ndi amuna kapena akazi anzake nthawi zambiri amasenza yekha chinsinsi chimene akuopa kuti chingamuthamangitse pakhomo. Sindikunena kuti mabanja amenewa ndi ankhanza. Ambiri ndi achikondi chachikulu, ndipo kukhala ndi agogo, amalume ndi asuweni pafupi kumateteza ana ambiri. Koma chikondi chomwecho ndi chimene chimapangitsa mwana kuopa kukhumudwitsa, n'kusankha kukhala chete.

Gulu lachiwiri ndi limene lidakula mofulumira. Pofika kumapeto kwa 2023, Canada idali ndi anthu oposa 1 miliyoni a ziphaso za sukulu, ndipo oposa 400,000 adali ochokera ku India, ambiri a ku Punjab. Ena amatsika ndege ali ndi zaka 18 kapena 19, atangomaliza sekondale, asanagonepo kunja kwa mudzi wawo. Kuti timvetse katundu amene amabwera naye tiyenera kuyang'ana kumene akuchokera. Punjab ndi dera limene lidadyetsa India kuyambira m'ma 1960, pomwe mbewu zamakono, feteleza ndi zitsime zamapampu zidafika. Lero madzi apansi akutsika chaka ndi chaka, minda yagawidwa mpaka kuchepa, alimi ambiri ali m'ngongole kwa ogula mbewu otchedwa arhtiya, ndipo m'maboma ngati Sangrur ndi Bathinda kudzipha kwa alimi ndi nkhani yodziwika. Mankhwala ozunguza bongo alowa pakati pa anyamata. Kholo likayang'ana zonsezi limaona kuti kupulumutsa mwana ndi kumutumiza kunja. M'mizinda ya Jalandhar ndi Ludhiana zikwangwani za sukulu zokonzekeretsa mayeso a Chingerezi a IELTS ndi za maejenti a ziphaso zadzaza m'makoma.

Ndalama yake imachokera kumunda: kugulitsa ekala, kupinyolitsa malo, kapena kukongola. Ku Ontario mwana wochokera kunja amalipira fizi ya koleji yoposa kanayi ya mwana wa m'dzikomo. Ofesi yofufuza kayendetsedwe ka chuma cha boma m'chigawochi idapeza mu 2021 kuti ana ochokera kunja, omwe adali pafupifupi 30 mwa 100 alionse m'makoleji a boma, ndiwo ankabweretsa 68 mwa madola 100 alionse a fizi. Makoleji adafika podalira anawa kuti ayende, koma nyumba zogona sadamange zokwanira, ndipo alangizi sadawonjezere molingana.

Mwanayo akafika amapeza chipinda chapansi pa nyumba ya munthu, chawindo laling'ono loyang'ana pa udzu, momwe matiresi ayalidwa pansi moyandikana ndipo masutikesi ndiwo makabati. Dzuwa la mu December limalowa isanakwane 5 koloko. Lamulo kwa zaka zambiri linkamulola kugwira ntchito maola 20 okha pa sabata kunja kwa sukulu, zomwe sizikwanira lendi, chakudya ndi fizi ya teremu yotsatira. Ndiye amagwira maola ena mobisa, olipidwa pamanja, ndipo bwana akakana kumulipira sangadandaule poopa kuti adziulula yekha. Ichi n'chimene chidabala Naujawan Support Network ku Brampton mu 2021, gulu la achinyamata limene limapita kukaima pakhomo pa mabwana obera antchito malipiro. Kwa atsikana palinso eni nyumba ndi mabwana ofuna kulipidwa ndi thupi. Usiku mayi akaimba pa WhatsApp, mwana amatuluka panja, n'kumwetulira pa kanema, n'kunena kuti zonse zili bwino. Anganene chiyani kwa anthu amene adagulitsa munda chifukwa cha iye? Kubwerera wopanda mapepala kumaoneka ngati chinthu chosatheka n'komwe, ndipo munthu akafika poona kuti kutsogolo kwatsekeka, kumbuyo kwatsekekanso, ndiponso kuti iye ndi mtolo kwa abale ake, wafika pamalo oopsa kwambiri.

Mwana ameneyu inshuwalansi ya boma la Ontario, OHIP, simukhudza. Ali ndi inshuwalansi ya kusukulu imene malire ake ambiri sawadziwa, ndipo ena amaopa kuti akapita kwa dokotala wa maganizo, nkhaniyo idzafika ku ofesi yoona za olowa m'dziko n'kuwononga mwayi wawo wokhazikika. Mzinda wa Brampton nawonso udakula kuposa zipatala zake. Kwa zaka zambiri udali ndi chipatala chachikulu chimodzi chokha, Brampton Civic, mpaka khonsolo ya mzindawu idalengeza mu January 2020 kuti zaumoyo zafika pangozi. Choncho wogwira ntchito m'bungwe la Apunjabi amapezeka ali ndi mnyamata wolira patsogolo pake amene ndalama za IRCC sizimulola kumuwerengera. Ambiri samubweza. Amafunafuna thumba lina, la chigawo, la mzinda kapena la opereka mwaufulu, kapena amangomuthandiza pa nthawi yawo. Ntchito yopulumutsa miyoyo siyenera kudalira kuti wantchito wotopa adzakhala ndi mtima wabwino tsiku limenelo.

Pa ziwerengero pafunika kusamala, chifukwa nkhani yotere imakopa kukokomeza. Ku Canada anthu pafupifupi 4,500 amadzipha chaka chilichonse, amuna kuwirikiza katatu kuposa akazi, ndipo pakati pa a zaka 15 mpaka 34 kudzipha ndi chachiwiri pa zimene zimapha anthu ambiri. Kaundula wa imfa m'dzikomo salemba mtundu wa munthu, motero imfa za Apunjabi sizioneka pazokha m'mabuku a boma, ndipo n'chifukwa chake okonza maliro ndiwo adayamba kuona. Kafukufuku wa ku Ontario wasonyeza kuti obwera kuchokera kunja, onse pamodzi, amadzipha mochepa poyerekeza ndi okhalitsa m'dzikomo. Choncho si zoona kuti Apunjabi ndi mtundu wokonda kudzipha. Koma kafukufuku wina wa bungwe lofufuza zaumoyo la ICES, wotsogozedwa ndi Maria Chiu ndipo wotuluka mu 2016, adapeza kuti odwala maganizo ochokera kum'mwera kwa Asia ndi ku China amafika kuchipatala matenda atakula kwambiri, ndipo ambiri amagonekedwa mokakamizidwa. Tanthauzo lake ndi lakuti anthu amapirira kunyumba mpaka zinthu zitaphulika. Akuluakulu athu adanena kale kuti bisani matenda, maliro tidzamva.

Kuchedwaku sikuchokera ku manyazi okha. Nthawi zina munthu amapita kwa dokotala msanga, koma samvana. Katswiri wina, Inga-Britt Krause, adalemba mu 1989 za Apunjabi a ku Bedford ku England amene ankadandaula kuti mtima ukumira, kutanthauza kuwawa kwa pachifuwa, kufooka ndi nkhawa zobwera ndi kusowa wachibale kapena kutaya ulemu. Dokotala wosadziwa amapima mtima, n'kupeza uli bwino, n'kumubweza munthuyo. Achinyamata nawonso amabwera ndi mutu, m'mimba ndi kusowa tulo. Palinso vuto la womasulira. M'mabanja ambiri mwana wa zaka 12 ndiye amamasulira mayi ake kuchipatala, kubanki ndi kwa mwini nyumba, choncho amadziwa ngongole zonse ndi matenda onse a pakhomo asanakhwime. Tsiku limene iyeyo wavutika, amaona kuti kuwonjezera vuto lake pamwamba pa amenewo ndi kulakwira makolo.

Pofuna kukonza zimenezi, chipatala cha matenda a maganizo cha CAMH ku Toronto ndi Mental Health Commission of Canada adayesa njira ya uphungu ya CBT yosinthidwa kuti igwirizane ndi chikhalidwe cha anthu a kum'mwera kwa Asia. Ntchitoyi adaitsogolera Farooq Naeem, ndipo Punjabi Community Health Services ndi bungwe la Moving Forward Family Services la ku Surrey adali m'gulu la oyesa. Kusintha kwake n'kosavuta kumva. Mlangizi amayamba ndi zowawa za m'thupi zimene munthu wabwera nazo, amalola wachibale kukhala nawo ngati wodwala afuna, satenga pemphero ngati mdani wa mankhwala, ndipo salangiza mtsikana kuti angouza makolo ake m'maso zimene akufuna ngati kuti mawa sadzadya nawo mbale imodzi.

Pa kupewa kudzipha kwenikweniko, pali zinthu zingapo zimene umboni wake ndi wolimba, ndipo mabungwewa amaziphunzitsa kwa makolo, aphunzitsi ndi ongodzipereka a m'makachisi. Chachikulu ndi kufunsa mosazungulira. Makolo ambiri amaopa kuti kutchula kudzipha kumadzala ganizolo mwa mwana. Kafukufuku wa Madelyn Gould pa ana a sekondale ku New York mu 2005 adasonyeza kuti si choncho. Kufunsa sikuwonjezera ngozi, ndipo kwa ana ovutika kale kumapeputsa. Maphunziro a safeTALK ndi ASIST, omwe adachokera ku bungwe la LivingWorks ku Calgary, amaphunzitsa munthu wamba kufunsa funsoli, kumvetsera osadzudzula, ndi kumuperekeza munthuyo kwa wodziwa. Kufunsako kumayamba ndi zimene waona: mwana wasiya kudya, sakugona, wagawa zinthu zake zokondedwa, akunena kuti pakhomo pangakhale bwino iye atachoka. Kenako funso lenileni, m'mawu ake enieni: kodi ukuganiza zodzipha?

China ndi kutalikitsa zinthu zoopsa. Nthawi imene munthu amakhala pafupi kwambiri ndi kudzipha imakhala yaifupi, ndipo ambiri amene apulumuka safa ndi kudzipha pambuyo pake. Sri Lanka italetsa mankhwala ena oopsa a m'munda, imfa zodzipha zidatsika ndi pafupifupi 70 mwa 100 kuchokera mu 1995. M'nyumba ya Chipunjabi ya mibadwo itatu, momwe agogo ali ndi mankhwala a shuga, a mtima ndi a tulo pa shelefu ya kukhitchini, langizo lokhomera mankhwala m'kabati ndi lamtengo wapatali. Palinso dongosolo lachitetezo limene mlangizi amalemba limodzi ndi mwanayo: zizindikiro zakuti mdima ukubwera, zimene angachite yekha, anthu amene angawaimbire, ndi komwe angathamangire. Pamndandanda wa anthuwo nthawi zambiri sipalembedwa bambo kapena mayi poyamba, koma msuweni, azakhali achichepere kapena mphunzitsi wa masewera. Kusukulu, pulogalamu yophunzitsa ana za umoyo wa maganizo ya YAM, imene idayesedwa pa ana pafupifupi 11,000 m'maiko 10 a ku Ulaya ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 2015, idachepetsa kuyesa kudzipha ndi pafupifupi theka. Kuyambira pa 30 November 2023, aliyense ku Canada atha kuimba kapena kutumiza uthenga pa 988 usana ndi usiku, mu Chingerezi kapena Chifalansa, ndipo nambalayi sifunsa chiphaso. Mwana wobadwira ku Brampton imamuthandiza mosavuta. Amene adangofika mwezi watha, yemwe Chingerezi chake ndi cha mayeso, amafuna wina womuuza m'Chipunjabi kuti nambalayo ilipo ndipo si ya apolisi. Manthawo ali ndi pochokera: ku India kuyesa kudzipha kudali mlandu mpaka lamulo la mu 2017 lidafewetsa zimenezi, pomwe Canada idachotsa mlanduwu mu 1972. Malawi ali m'gulu la maiko amene achedwa kuuchotsa.

Pali mfundo imodzi imene ngakhale ogwira ntchitoyi amakokanapo, ndiyo ya chinsinsi. Lamulo la Ontario limalola mwana wa zaka 12 kapena kuposerapo kulandira uphungu popanda chilolezo cha makolo. Makolo ambiri obwera amaona ngati boma likuwalanda ana. Komanso bungwe la anthu amtundu umodzi lili ndi ngozi yake: wolandira alendo atha kukhala wa kumudzi kwa mayi ako, ndipo galimoto ya banja ikaoneka pabwalo la ofesiyo anthu ayamba kufunsa. Ana ena amasankha dala mlangizi amene si Mpunjabi pa chifukwa chimenechi, ndipo ayenera kuloledwa kutero. Ine ndikuona kuti chinsinsi cha mwana chiyenera kukhala patsogolo, chifukwa popanda icho sadzatsegula pakamwa, ndipo pakhomo pamene pali nkhanza kuitana makolo msanga kutha kuika mwanayo pangozi ina. Koma chinsinsicho chili ndi malire amene mlangizi wabwino amawanena pa tsiku loyamba: moyo ukakhala pangozi, ena ayenera kudziwa. Ndipo pamene pakhomo pali mtendere, kubweretsa makolo pang'onopang'ono, ndi chilolezo cha mwana, ndi kumene kumachiritsa kwanthawi yaitali, popeza mlangizi amamuona ola limodzi pa sabata pomwe mayi amamuona tsiku lililonse. Kholo lambiri limene poyamba limati mwana akungofuna chidwi limasintha likamva kwa munthu wa msinkhu wake, wa chinenero chake, kuti awa ndi matenda ngati shuga ndipo ali ndi chithandizo.

Boma lidayamba kugwedezeka mu 2023. Gulu la ana ochokera ku Punjab lidauzidwa kuti lichotsedwa m'dziko chifukwa makalata owalandira kusukulu, omwe ejenti wa ku Jalandhar adawakonzera zaka zingapo m'mbuyomo, adali achinyengo. Ambiri adali atamaliza kale maphunziro n'kuyamba ntchito. Adamanga misasa pafupi ndi ofesi ya oyang'anira malire ku Mississauga mu June chaka chimenecho, mpaka boma lidaimitsa kuwachotsako kuti liunike nkhani ya aliyense payekha. Kuyambira December 2023 makoleji adalamulidwa kutsimikizira kalata iliyonse ku IRCC. Pa 1 January 2024 ndalama imene mwana ayenera kusonyeza kuti ali nayo yodyera idakwera kuchoka pa madola 10,000 kufika pa 20,635, ndipo mwezi womwewo nduna yoona za olowa m'dziko, Marc Miller, idalengeza malire a ziphaso zatsopano za sukulu. Mu November 2024 maola ogwira ntchito adaikidwa pa 24 pa sabata.

Kusinthaku kwachepetsa obwera atsopano ndipo kwatseka njira zina za achinyengo. Koma sikudakhudze lamulo la amene ayenera kulandira thandizo la kukhazikika, ndipo kwapanikiza amene adafika kale. Malo a okhazikika adachepetsedwa, ziphaso za ntchito za omaliza maphunziro zidayamba kutha popanda kuwonjezeredwa, ndipo chakumapeto kwa 2024 ena mwa iwo adakhala miyezi m'misasa ku Brampton, mpaka chisanu chidawapeza momwemo, akupempha kuti awonjezeredwe nthawi. Chiphaso chikatha, inshuwalansi imathera pomwepo, ntchito yovomerezeka imatha, koma ngongole ya kwa arhtiya imapitirira kubereka. Amenewa ndiwo akugogoda tsopano pa makomo a mabungwe a ku Malton, Brampton ndi Surrey, ndipo wogwira ntchito amene akuwalandira ayenera kudziwa zinthu ziwiri nthawi imodzi: masiku 90 amene lamulo limapereka kuti munthu apemphe kubwezeretsa chiphaso chake, ndi mmene angafunsire mnyamatayo ngati akuganiza zodzipha.